Ulusi Wachikasu

Pa 17 Meyi 2024

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno Amayi akupezako bwino, bondo lija lasiya kutupa. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumayankhula ndinu, ine ndimangoti eya, eya mpaka mwatsanzika. Lero muwerenge mpaka pansi, ndipo mundikhululukire ngati mawu ena aluma.

Zikomo chifukwa cha bokosi lojambulira nyimbo limene munatumizira Achimwene, limene iwo amalitcha kontolola. Sindikudziwa zimene anakuuzani, koma ine ndikuuzani mmene zinayendera. Atalimasula analilumikiza ku laputopu, tinyale tinayaka, koma pulogalamu yojambulira sinalimve n'komwe. Analalata kuti munagula chakufa, n'kulivundikira ndi nsalu ya patebulo. Linakhala pamenepo milungu itatu, pamwamba pake akuikapo makapu.

Amene analiukitsa ndine. Masana ndikaweruka kwa atelala, Achimwene asanabwere, ndinkalowa m'chipinda chija anakhoma mathireyi a mazira m'makoma. Chingerezi cha m'kabuku kake sindinachimve, paja sukulu ndinalekera panjira, koma ndinapeza kanema pafoni wa munthu wina akulumikiza lofanana nalo. Ndinkaimitsa kanemayo, kuyang'ana pamene chala chake chaloza, n'kufunafuna malo omwewo pa laputopu. Zinanditengera masiku anayi. Kenako ndinazindikira kuti pulogalamuyo imafuna uiuze kaye dzina la bokosilo, ulisankhe pamndandanda, apo ayi imangoliona ngati mlendo wodutsa. Nditasankha, tizitsulo take totsetsereka, tisanu ndi titatu, tinayenda tokha kukwera ndi kutsika. Ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa mpando.

Kachitsulo kalikonse kamayang'anira mawu ake: ukakakankhira m'mwamba mawuwo amakwera, ukakatsitsa amachepa. Kuti ndisasokoneze, ndinatola zotsala za ulusi kuntchito n'kumangirira. Wofiira ng'oma, wakuda gitala, woyera kiyibodi, wobiriwira mawu a Achimwene. Wachikasu ndinadzisungira, chifukwa nyimbo yoyamba imene gulu loimba la Achimwene linafuna kujambula ndi yanga ija ndinapeka ndikuponda makina osokera, ndipo ndinalimba mtima kunena kuti ndime yachiwiri ndiimba ndekha.

Achimwene atapeza likugwira ntchito anangoti ankadziwa kuti limangofuna kupuma. Kwa anzawo, wang'oma ndi wagitala, ananena kuti alikonza okha. Sindinatsutse, paja dzina langa pakhomo pano ndi Chetechete. Achimwenewo ndinawaonetsanso batani lina lofiira. Ukalidina nyimbo ikuimba, bokosilo limasunga chilichonse chimene dzanja lako lachita, ndipo ukaibwereza nyimboyo tizitsulo timayenda tokha motsanzira dzanjalo. Ankangogwedeza mutu, maso ali pafoni.

Tinajambula Loweruka. Ndinaima pamaikolofoni, thukuta mpaka m'mahedifoni. Ndinalakwitsa kanayi. Ulendo wachisanu ndinatsinzina n'kuimba, ndipo wang'oma, munthu wosayamika ngakhale mkazi wake, anaomba m'manja.

Lachiwiri Achimwene anatiitana kudzamva nyimbo yomalizidwa, ataiika m'foni mwawo. Ndime yachiwiri itafika ndinamva gitala, kiyibodi ndi mawu awo othandizira, ine ndili kutali ngati munthu woitana ali kuseri kwa nyumba ya aneba. Anati maikolofoni sinagwire bwino, mwina ndinaima patali, koma ndisadandaule. Ndinakhulupirira, Achemwali. Ndinakalirira kubafa, ndikudzinyoza kuti ndine wopanda pake.

Mawa lake ndinalowa ndekha kuti ndione pamene ndinalakwitsa. Ndinatsegula nyimbo pa laputopu, manja nditaika pamiyendo. Ndime yoyamba inadutsa bwinobwino. Mawu anga atangotsala pang'ono kuyamba, ulusi wachikasu unayamba kutsika wokha, pang'onopang'ono, mpaka pafupi ndi pansi. Pakolasi, pamene timaimba tonse, unakweranso. Batani lofiira lija linali litasunga zonse. Ndinabwereza kanayi. Kanayi konse ndinaona dzanja la Achimwene likundikanikiza, eni ake palibe.

Sindinakuwe, mukundidziwa. Ndinadikira Lachisanu gulu litasonkhana, n'kupempha kuti timvere pa laputopu. Ndinati aliyense ayang'ane ulusi wachikasu, ine n'kuima kukhoma manja kumbuyo. Unatsika onse akuona. Wagitala anaseka, akuti m'situdiyo mwalowa mzukwa wodana ndi akazi. Wang'oma sanaseke, anangowayang'ana Achimwene.

Apo ndi pamene Achimwene ananena mawu amene andilembetsa kalatayi. Anati, "Iwe Chetechete, tinakuchitira chifundo. Ndinawatumizira Achemwali kuti amve, ndipo iwo ndi amene anati mawu ako akunjenjemera, ndiwabise pang'ono anthu angakuseke."

Kodi n'zoona? Achimwene amanama, ngakhale bokosi lawagwira, koma mawu amenewo ndinawazindikira, ndi anu. Ndi omwe aja munauza aphunzitsi kuti asamandiimiritse kuwerenga m'kalasi. Alendo akandifunsa dzina munkayankha ndinu ndisanatsegule pakamwa. Mumati mukunditeteza. Kuyambira ndili mwana mwakhala mukundivundikira ngati bokosi lija, kenako n'kumadandaula kuti mwanayu sayankhula. Inde, mawu anga amanjenjemera, koma ndi anga. Ofuna kuseka aseke, bola ayambe andimva.

Tsopano ndiulule zanga. Onse ali pomwepo ndinadina batani lofiira lija, n'kubweza nyimbo, n'kuika chala pa ulusi wachikasu. Nthawi yake yotsika itakwana ndinaugwira, n'kuukankhira m'mwamba mpaka ndime inatha. Dzanja langa linafufuta la Achimwene. Chipinda chonse chinadzaza ndi mawu anga, ndipo manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma chala sindinachotse. Achimwene anati ndawachita mwano pamaso pa anzawo, ndipo andilanda kiyi wa chipindacho. Dzulo anamasula ulusi wanga wonse, akuti situdiyo si kwa atelala. Lero m'mawa ndawamva akulalata kuti ng'oma zasowa. Zili pa kachitsulo koyamba kenikeni, koma sindinawauze.

Ndikupemphani zinthu ziwiri. Achimwene musawaimbire foni kundipepesera kapena kundipemphera kiyi, ndikawauza ndekha ngakhale zinditengere mwezi. Chachiwiri, wang'oma anasunga nyimboyo mmene ndinaisiyira ndipo akutumizirani. Muimvere mpaka kumapeto osatsitsa, kenako mundiyankhe ineyo, osadzera kwa Achimwene.

Mupereke moni kwa alamu. Ana muwauze kuti amene akunjenjemera pandime yachiwiri ndi mayi awo aang'ono. Amayi akuti moni, iwo amvera kale katatu ndipo akuti ndiwaikirenso madzulo. Ndimakukondani, Achemwali, koma mtima wanga sunatsike, ndipo musandiuze kuti ndiutsitse.

Ndine mng'ono wanu,
Chetechete