Nkhuku ya Nthutumba Ziwiri

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ndi chisoni chachikulu ndikudziwitsani, m'malo mwa banja lonse la kuno ku Itawa ku Ndola, kuti majarini watisiya. Anadwala nthawi yaitali. Poyamba ankaoneka pa buledi tsiku lililonse, kenako Lamulungu lokha, kenako tinkangomupaka pakati ngati mankhwala a zipere. Mwezi watha sanadzukenso. Ngati wafika kumeneko mumulandire, paja munkadziwana. Mazira nawo ali kayakaya, tawaitanira kale ansembe.

Zina tili bwino. Mlongo wanga Agnesi wabereka mwana wamkazi ku Nkana West ndipo amutcha dzina lanu. Watenga chipumi chanu, koma amayamwa ngati wamva kuti mawa mtengo ukwera. Chimanga chija munkadzala kuseri kwa nyumba ku Luangwa ya ku Kitwe atate anadzalanso chaka chino, ndipo theka lake linakololedwa ndi anthu osadziwika chisanakhwime. Atate akuganizira mnansi uja woimba besi. Ine ndikuganizira kwaya yonse.

Masiku ano, amayi, aliyense ndi wapolisi. Buledi timayamba tamufinya kuti tione ngati m'kati muli buledi kapena mphepo. Saladi, mafuta ophikira aja, timagula wa m'timabotolo, ndipo mpongozi wanu amake Tisa amamuunika padzuwa ngati dokotala, akuti ena amathiramo zachilendo. Thumba la makala timalipisa dzanja mpaka pansi, chifukwa akuluakulu amakhala pamwamba ngati kuboma. Pakati pa mwezi timagula pamela, tija timapepala ta unga wophika kamodzi. Ine ndimakagula kumsika wakutali kuti anzanga a kuofesi asandione, ndipo kumeneko ndi kumene ndimakumana nawo onse. Munavutika kundiphunzitsa mpaka kuyunivesite kuti ndizidziwa chifukwa chimene kwacha imagwera. Ndikudziwadi, ndikhoza kukufotokozerani m'chizungu chosalala. Imagwabe.

Koma nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya atate.

Chichokereni inu, iwo ankabwera kuno Lamulungu lililonse. Akatuluka Misa yoyamba, jekete lawo lotuwa lija lili pathupi, ankakwera minibasi ya ku Ndola. Ankati akudzaona adzukulu, koma tonse tinkadziwa kuti Lamulungu m'nyumba muja mumakhala zii. Tsono lamulo lanu mukulidziwa: bambo akabwera, nkhuku yathunthu, m'bakuli lovundikira, nthutumba ili momwemo. Munkati nkhuku yopanda nthutumba ndi yakuba kapena yofa yokha, ndipo woipereka kwa munthu wamkulu wamutukwana. Amake Tisa, ngakhale ndi Mubemba, anaphunzira zimenezi kwa inu ali chogwada.

Chaka choyamba tinakwanitsa. Kenako nkhuku inayamba kudzimva. Ine ndi amake Tisa tinachita msonkhano wa nduna kuchipinda ndipo tinapeza nzeru. Kumsika amagulitsa nkhuku yoduladula, mapiko paokha, makosi paokha, misana payokha. Tinagwirizana kuti tizigula ziwalo zotchipa, tiziziphatikiza mumphika, ikhale nkhuku. Tinkasamala: mapiko awiri, khosi limodzi, miyendo iwiri ngakhale yosiyana msinkhu. Nyama ya pachifuwa tinkati yasungunukira mumsuzi. Zinayenda ndithu.

Lamulungu lina ndinayamba kukayika. Nthutumba amagulitsa padera, ndipo zimadula chifukwa a kumowa amazilimbirana. Mlungu umenewo amake Tisa anali atadandaula kwambiri za ndalama, ndiye ine mumtima ndinati, ameneyu mwambowu si wakwawo, lero aisiya dala. Sindinamufunse, poti kufunsako kukanabala mlandu. Pochokera ku Misa ndinagula yanga imodzi, ndinaibisa m'thumba, ndipo iye atapita kukasamba ndinaiponya mumphika ngati mfiti. Itapsa, iye anangokhuthulira zonse m'bakuli n'kukapereka.

Atate anapemphera, anavundukula, anapeza nthutumba yawo, anaidya mosafulumira. Atapisanso dzanja anatulutsa ina. Anaikweza m'mwamba n'kuitembenuza mmene ankachitira ndi mwala wa mumgodi.

"Fabiano," anatero, "nkhuku yakoyi inkagwira mashifiti awiri?"

Amake Tisa anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga udzazengedwa popanda loya. Koma anayesetsa kutipulumutsa. "Batata, ndi nkhuku za makono izi, mukwai. Amazibaya majekeseni."

"Oo," anatero atate. "Dziko lapita patsogolo."

Anaitana Tisa n'kumupatsa yachiwiriyo, chinthu chimene inu simukanalola mwana kukhudza. Iwo anadya pang'ono, anasamba m'manja, anacheza za mpira, n'kumapita.

Lamulungu lotsatira sanabwere, akuti mawondo. Linalo akuti msonkhano wa abambo kutchalitchi. Linalo akuti mabasi akwera. Poyamba ndinkati akwiya. Kenako Agnesi anandinong'oneza pafoni kuti kuli mayi wina wamasiye wa bungwe la amayi amene amawapatsa moni wautali. Musakwiye, amayi, ndikungofotokoza. Ndinatsimikiza kuti ndagwira mfundo: mwamuna sasiya nkhuku yaulere pokhapokha atapeza ina. Choncho Lamulungu lina ndinakwera basi ya ku Kitwe osawauza, mphuno ili tcheru kuti ndimve mafuta onunkhira.

Ndinawapeza pakhonde, jekete lili pathupi, nsapato zopukutidwa, ngati munthu amene akudikira ulendo. Pamiyendo panali mbale ya mbatata yophika, pansi kapu ya tiyi wopanda mkaka. M'nyumba ndinasuzumira paliponse. Munalibe fungo la munthu wina.

"Wabwera kudzafufuza?"

"Ayi atate, ndimangodutsa."

"Ku Luangwa munthu sangodutsa. Khala pansi."

Anandigawira mbatata. Titadya pang'ono, iwo anati, "Sindinakwiye ine. Amako nawonso anandiphikirapo nkhuku ya mapiko atatu, chaka chija mgodi unatichotsa ntchito. Ndinadya, sindinanene kanthu."

Amayi, inu? Inu amene munkatilalikira? Nkhani imeneyi tidzaikambirana tikadzaonana.

Atate anapitiriza. "Koma ija inali nyumba yanga. Kwako ndine mlendo. Ndinaona mmene Tisa anamezera nthutumba ija, sanatafune n'komwe. Mwana amene amadya nyama sameza choncho. Ndiye ine ndizikwera basi kukadya chakudya cha adzukulu anga?"

Ndinawauza kuti azibwera basi, tiziphika nyemba ndi chibwabwa monga timadyera masiku onse.

"Mkazi wako sangalole," anatero. "Amako anamuphunzitsa bwino kwambiri."

Ananena zoona. Nditafika kunyumba ndinamufunsa, ndipo anati ndi bwino agulitse chitenje chake cha kutchalitchi kusiyana n'kuikira apongozi ake nyemba Lamulungu. Akuti inu mungamuone. Ndiye onani mmene zilili: atate sabwera chifukwa amatikonda, mpongozi wanu sawaphikira nyemba chifukwa amawalemekeza, ndipo onse awiri akuti akutsatira inu.

Tsopano ndinene chimene sindinauze wina aliyense. Tsiku lija pakhonde sindinawakakamize. Ndinanena kamodzi kokha, iwo atakana ndinasiya. Ndili mubasi pobwerera, penapake pakati pa Kitwe ndi Ndola, ndinamva mtima wanga ukupepuka. Mwezi uno, kwa nthawi yoyamba chaka chino, malipiro anga afika kumapeto osabwereka kwa munthu. Amake Tisa anandiuza zimenezi motsitsa mawu, ndipo palibe anayang'ana mnzake. Tisa kale ankaima pageti Lamulungu kudikira agogo ake. Milungu yoyamba ankafunsa. Tsopano tikachoka ku Misa amangovula nsapato n'kukasewera.

Ndaunika saladi, ndafinya buledi, ndaganizira mkazi wanga, kwaya ndi mayi wamasiye wosalakwa. Koma chimene tachotsa pa zogula za m'nyumba muno kuti mwezi uzikwana ndi atate, ndipo wochotsayo ndine.

Ngati kumeneko amalola kusintha malamulo, kawayendereni mpongozi wanu kutulo, mumuuze kuti nyemba si chipongwe. Kwa ine samva, koma inu amakuopanibe. Ine ndikulonjeza kuti Lamulungu likubwerali nditenga ana, tinyamula poto wathu wa nyemba, tikadyera pakhonde ku Luangwa. Sindiwauziratu atate, chifukwa ndimawadziwa. Akhoza kubwereka ndalama n'kukatigulira nkhuku.

Ndine mwana wanu wokukondani ndi wokusowani,

Fabiano