Kubwezera Mawu

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalatayi muyambe mwaiwerenga nokha musanawawerengere amayi.

Ndinakuuzani kuti ndapeza ntchito ya uphungu pafakitale ina, koma sindinatchule kuti ndi iti. Ndi yomwe ija, achemwali, yosoka mayunifolomu, kumene amayi anasokerera mabatani mpaka maso kuchita chidima, kenako n'kuwatulutsa pageti ngati galu wakuba mazira. Manijala ndi yemwe uja amene antchito amati a Belu. Chasintha ndi mimba yokha.

Sanandizindikire. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa mosungira nsalu, mipando iwiri, n'kundiuza kuti, "Ntchito yako n'kuwaziziritsa mitima azimayiwa. Akule m'maganizo, asiye kudandaula."

Kukoleji anatiphunzitsa kuti munthu ali ngati mbewu. Mphamvu yokulira ili mwa iye kale, phungu amangochotsa mwala umene waipsinja. Usamuweruze, usamuuze chochita. Umumvetsere, kenako umubwezere mawu ake omwewo kuti adzimve yekha. Kubwezera, achemwali. Anzanga m'kalasi ankamva zina, ine ndinkamva zina. Amayi amati kubwezera n'kwa Mulungu, koma ine ndiye ndinakutengera digiri.

Mayi Sizasi, amene amadula nsalu, anandigwira tsiku loyamba lomwe. Anati, "Kampata ka m'manoka ndikukadziwa. Ndiwe wa Amayi a Mabatani iwe." Sanauze munthu. Azimayi anayamba kubwera nthawi ya nkhomaliro, mmodzimmodzi. Kuchimbudzi amakhoma, kiyi amakhala m'thumba mwa a Belu. Mababu a pamwamba pa makina akapsa sasintha, ukapempha akuti ukagule magalasi. Lilime linkandiyabwa kuti ndiwauze kuti angonyanyala ntchito, koma maphunziro salola. Mumandidziwa, kudikira kumandidwalitsa.

Lachiwiri kunabwera mwini fakitale, mayi wachikulire wosalankhulalankhula. A Belu anafuna kudzionetsa kuti ndi bwana wamakono. Anazimitsa makina, n'kuika mipando yanga ija pakati pa holo, iwo n'kukhala pa umodzi.

"Tiye mwana, awonetse mayi mmene timachitira muno. Yamba ndi ine."

Ndinawafunsa mmene amamvera akaganiza za antchito awo.

"Awa ndi ana anga."

"Mukuti ndi ana anu."

"Eya. Ndipo mwana sumulekerera. Ukamusiyira khomo lotsegula, amangotulukatuluka."

"Mukuti khomo lizikhala lokhoma."

"Nanga! Kupanda apo theka la tsiku lingathere kuchimbudzi."

Anaseka okha. Ine ndinangowayang'ana m'maso, ndikugwedeza mutu pang'onopang'ono monga anatiphunzitsira. Munthu wosazolowera kumvetseredwa akamvetseredwa amaledzera, achemwali. Anapitiriza okha.

"Fakitale siyendera chifundo. Singano ikabuntha timachotsa, timaika ina."

"Singano ikabuntha mumachotsa."

"Ngakhale munthu. Maso akatha, ndimusungirenji?"

"Mukuti munthu maso akathera pa makina anu, simumusunga."

Apo ndiye anadzimva. Sindinaonjezepo mawu anga ambiri, Mulungu ndi mboni, atatu okha basi.

Mayi Sizasi anaimirira, sizasi ili m'manja. "Mayi, singano imodzi imene akunenayo ndi Amayi a Mabatani. Tinkakhala benchi imodzi." Wina kumbuyo anati, "Afunseni ali ndi chiyani m'thumba lakumanja." Mwini fakitale anangotambasula dzanja. A Belu anapisa m'thumba n'kupereka kiyi pamaso pa anthu onse, khosi lili nyowe ndi thukuta. Mwini fakitaleyo anati Lachisanu adzakumana ndi azimayi paokha, popanda manijala.

Madzulo ake a Belu anandiitanitsa ku ofesi.

"Kodi iwe ndiwe ndani?"

"Mukufunsa kuti ndine ndani," ndinatero.

Anamenya tebulo. Ndinali ndidakali pa miyezi yoyeserera, ndiye sanavutike nane. Akuti ndisapondenso pageti. Mlonda pondiperekeza anandinong'oneza kuti, "Mlongo, ukanakhala ukubwera Lachiwiri lililonse."

Aphunzitsi anga akanamva akanagwira m'mutu. Ankati munthu amene wakhala pampando uja umulandire mmene alili, usamutchere msampha. Ine ndinatchera, ndipo ndikanatcheranso. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti Lachisanu sindidzakhalapo kuti ndione nkhope ya a Belu. Mwina adzapulumuka, anthu otere amakhala ndi mizu. Koma holo yonse inawamva, ndipo mawu sabwerera m'kamwa.

Chonde afunseni alamu ngati kusukulu kwawo akufunabe phungu wa ana. Satifiketi ndili nayo, kalata yondichitira umboni ndiye musaiyembekezere. Mwezi ukatha ndidzafunanso pogona, ngakhale pabalaza pomwepo.

Mupereke moni kwa alamu ndi kwa ana. Amayi muwawerengere moni wa kumayambiriro uja, kenako mudumphe zonse mufike pano. Amayi, ndili bwino, ntchito ndinaigwira bwino. Mayi Sizasi akupereka moni. Anzanu onse a pabenchi paja sanakuiwaleni, ndipo sabata ino anakutchulani mokweza, makina atazima, bwana ali pomwepo.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja.