Uthenga wa masekondi anayi

Lachinayi madzulo. Lero mtima suli m'malo.

Amuna anga, bambo a Chisomo, ali ku Zambia ndi thiraki. M'mawa anatumiza uthenga wa mawu, koma sukutseguka, ukungozungulira. Rauta ikuyaka bwinobwino, intaneti palibe.

Ndinaimbira alamu anga amene anatilumikizira. Akuti, "Mlamu, kumalire kuno rauta imasokonezeka. Lowani m'masetingi a rautayo muzimitse pamene palembedwa IPv6 pokhapo. Kabowo kakumbuyoko musakagwire."

Ine ndinali nditakabaya kale ndi singano. Zonse zimene anakonza zafufutika, ndipo ndaopa kuwauza. Alamuwo akuti abwera Loweruka.

Foni ya bambo a Chisomo siikupezeka. Uthengawo ndi wa masekondi anayi okha, pamene iwo aja moni wokha amatha mphindi zitatu. Chawachitikira n'chiyani pamsewupo?