Impso ya mwana wanga ndi pakamwa pa a Fanesi

Okondedwa asuweni a Modesta,

Ndikhulupirira kuzizira kwa ku Joniko sikunakupheni. Kuno ku Lisungwi tilipo, kungoti miyendo yatupa. Mwezi wachisanu ndi chitatu wa pathupi si masewera.

Sabata yatha anandiunika pa sikani. Adokotala anati impso imodzi ya mwana yafufuma pang'ono chifukwa mkodzo ukuchedwa kutsika. Akuti kawirikawiri zimatha zokha, koma akabadwa adzamuunikanso n'kuona ngati akukodza bwino. Zomveka, eti?

Kulakwa kwanga kunali kuperekezedwa ndi alamu anga a Fanesi. Analowa m'chipindamo ali ogulitsa tomato, anatuluka ali katswiri wa impso. Pofika masana msika wonse unali utamva kuti mwana wawola m'mimba chifukwa ndimadya mazira ndili woyembekezera, poti ife a ku yunivesite sitimva mwambo. Amuna anga a Innocent anamva kwa mlongo wawoyo asanamve kwa ine. Amuna angawo akuti ali ku Zalewa, katundu amene anapitira wachedwa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi chichokereni, ndipo foni yawo... basi, tisiye zimenezo.

Ine sindilongolola ndi munthu, ndikungodikira. Adokotala akufuna umboni woti mwana akukodza. Ndiye tikadzatuluka m'chikuta ndidzampereka kwa a Fanesi ali wopanda thewera, iwo atavala bulauzi yawo yoyera ya Mvano, amayi onse akuona. Zotsatira adzawerenge okha, poti ndi akatswiri.

Inu asuweni, mundipempherere chimodzi chokha: kuti mwanayu adzakodzedi.

Ndine wanu wotupa miyendo,
Tiyamike