Tisingano pa Nkhope ya Jemimah

Kanini, Ndola
9 Julaye

Amama okondedwa,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye. Muli bwanji ku Katete uko? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga Adada, chifuwa chikuwalola kugona ndi chisanu chino? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Sabata yatha ndinakuimbirani foni kawiri, mwina munadabwa kuti ndinangofunsa za mtedza n'kudula. Nkhani yake si ya pafoni. Ndiye ndaganiza zolemba, ndipo kalatayi ndapatsira a Solomon, anzathu a kwathu aja, amene akwera basi ya ku Chipata mawa. Muyambe mwaiwerenga muli nokha.

Nkhani ndi ya Jemimah, ndipo wolakwa ndine mkulu wake.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito ku saluni ya a Madamu Dolly m'tauni muno. Chaka chatha anandiphunzitsa ntchito yokonza khungu imene kuno amati maikronidilingi. Pali kamakina konga cholembera, kumutu kwake timavekako kachisoti ka tisingano tating'onoting'ono. Timakayendetsa pankhope, tisinganoto n'kumabaya mpaka khungu kufiira, penapake timagazi kuonekera. Khungulo likamapola limasalala, zipsera n'kumazilala. Lamulo lake ndi lakuti munthu aliyense akhale ndi kachisoti kakekake katsopano, tikatha timataya.

Zipsera za ziphuphu zija zakhala zikumudandaulitsa Jemimah kuyambira ali ku sekondale. Poona kuti ukwati wake ndi Nehemiah uli mu Ogasiti, anandichonderera kuti ndimukonze nkhope. Loweruka pa 21 Juni anachoka ku Kitwe, kwa amalume a Absalom ku Kamitondo kumene amakhala, n'kundipeza kuntchito. Tsikulo kunadzaza anthu, ine chidzukire ndinali ndisanalawe kanthu. Kasitomala womaliza, mayi wina, atatuluka madzulo cha m'ma 16 awazi, ndinamugoneka mng'ono wanga pampando. Tinkaseka, iye akundifotokozera za deresi lake, ine ndikugwira ntchito.

Titafika kunyumba ndinati ndichape epuloni. M'thumba mwake ndinapezamo kachisoti katsopano, pepala lake losang'amba, kamene ndinatengera Jemimah kaja. Ndinazindikira kuti ndamubaya ndi tisingano tomwe ndinali nditangobayira mayi wina uja.

Sindikubisirani, ndinafuna kukhala chete. Palibe amene anaona. Lamulungu tinapita limodzi kutchalitchi, iye ataima pafupi nane, nkhope ili psuu, akuimba ndi mtima wonse. Ine nyimbo inandikanika. Ndinamuuza titafika pokwerera mabasi a ku Kitwe. Sanalire. Anangofunsa kuti mayiyo ndi ndani ndipo magazi ake ali bwanji.

Tinapita kukiliniki nthawi yomweyo. Anesi amene tinawapeza, a Sisita Gladness, anati tachita bwino kubwera masiku atatu asanadutse. Anamuyeza, sanapeze kanthu. Anamupatsa mapiritsi oteteza ku kachilombo ka HIV oti amwe masiku 28 osadumphitsa, ndi jakisoni wa matenda a chiwindi, nati adzayezedwenso pakapita nthawi. Anandifunsanso ngati mayi uja angalole kuyezetsa.

Lolemba ndinayamba ndaulula kwa a Madamu Dolly. Anandilanda makiyi, nati ndikhale kunyumba mpaka atandiitana. Mpaka lero sanandiitane, ndipo sindiwaimba mlandu. Kuchoka apo ndinapita ku Kansenshi kumene mayi aja amakhala. Dzina lawo sindilemba. Anandilankhulira pageti, osanditsegulira. Atamva chimene ndadzera anakwiya, nandifunsa kuti ndine ndani woti ndiwafunse za magazi awo, pamene wosasamala ndine. Ndinagwada pamiyala pomwepo. Anatseka kawindo ka geti n'kulowa.

Patapita masiku awiri anandiimbira okha foni kuti ndiwapeze pagalimoto yawo kuseri kwa positi ofesi. Anandiuza kuti akhala akumwa ma ARV zaka naini, ndipo ngakhale ana awo sadziwa. Koma anatulutsa pepala la kuchipatala la mwezi wa Meyi, loonetsa kuti kachilomboko kanachepa kwambiri moti sikaonekanso m'magazi. Anandilola kukaonetsa anesi okha, ndipo anandilumbiritsa kuti dzina lawo lisatuluke pakamwa panga. Anati nawonso ali ndi mng'ono wawo, n'chifukwa chake abwera. A Sisita Gladness ataona pepalalo anati chiopsezo n'chochepa kwambiri, koma Jemimah amalize ndithu mankhwala.

Ndinkayesa kuti zatha, koma kunali kuyamba. Mapiritsiwo akumuchititsa nseru ndi chizungulire. Sabata yatha anapita kukathandiza kuphika kwa amayi ake a Nehemiah, ndipo anasanza kuseri kwa nyumba. Mayiwo pomufunira kansalu m'chikwama mwake anapeza botolo. Mabotolo amenewa kuno aliyense amawadziwa. Anakuwa m'Chibemba mpaka oyandikana nawo kutuluka, akuti tawabisira matenda kuti tiphe mwana wawo.

Nehemiah ankadziwa kale zonse, chifukwa Jemimah anamuuza tsiku loyamba, ndipo anapita okha awiri kukayezetsa. Mnyamatayo waima nganganga, akuti ukwati ulipo. Koma amayi ake akuti nkhani ya singano za kusaluni ndi yopeka, ndipo alamula kuti zokonzekera kicheni pate, phwando lolangiza mkwatibwi lija, ziime. Atumiza a shibukombe awo, ndiye ankhoswe kuno, kudzanena kuti mabanja awiri akumane ku Kamitondo Loweruka pa 19 Julaye.

Amalume a Absalom andikalipira koopsa. Akuti nditchule mayi a ku Kansenshi aja, abwere adzaime pamaso pa anthu, nkhani ithe. Ndakana. Ananditcha wouma mutu, nandifunsa ngati mlendo wa ku Kansenshi waposa m'bale wanga. Funso limenelo landilasa, Amama. Koma mayiwo akanatha kungokhala chete kuseri kwa geti lawo, ndipo sanatero. Ndawononga kale munthu mmodzi ndi manja angawa, sindiwononganso wachiwiri ndi pakamwa. Pamsonkhanopo ndidzaimirira ndekha, ndidzanyamula kamakina kaja ndi kalata ya anesi, ndidzanena zimene ndinachita. Akafuna wotukwana atukwane ine.

Jemimah sanandilankhule kuyambira tsiku la kukiliniki. Foni zanga sayankha. Dzulo masana ndinangolimba mtima n'kupita ku Kamitondo. Ndinamupeza atakhala pakhonde la kuseri, beseni lili pamiyendo. Waonda. Nkhope yapola bwino, koma akazi a amalume akuti galasi la m'chipinda analitembenuzira kukhoma. Atayamba kusanza ndinamugwira pamphumi monga munkachitira inu tili ana, ndipo sanachotse dzanja langa. Atapuma anandiuza, osandiyang'ana, kuti akufuna Amama.

Pempho langa ndi lomwelo. Bwerani. A Solomon abwerera kuno pa 16, ndapangana nawo kuti akutengeni ku Katete, ndipo ndidzakuchingamirani ku Ndola. Amalume ndi mwamuna, amalankhula mwaukali, ndipo amayi ake a Nehemiah sangawamvere. Inu mukakhala nawo pamphasa, mayi ndi mayi mnzake, mwina adzamva. Ngakhale atakana, mwana wanu adzakhala ali ndi pobisa nkhope. Adada muwauze nokha mmene mukuonera, koma musawabisire kuti wolakwa ndine. Musaiwale juzi, kuno m'mawa kukuzizira kwambiri.

Mundiperekere moni kwa Adada, kwa achimwene a Cyril ndi alamu anga, kwa azakhali a Nelia ndi ana onse. Amayi a ku pemphero la Lachinayi muwapemphe atikumbukire, osawauza chifukwa chake. Mukafika mudzandikalipire mmene mungafunire, ndidzamva zonse nditagwada. Koma muyambe mwaona Jemimah.

Ndine mwana wanu wolakwa,
Febby