Chitowe pa Bwalo la Basiketibolo

Lolemba, 6 Meyi 2024

Dzuwa ngati la mu Okutobala. A Augustino abwera kuchokera kusukulu nkhope ili gwaa. Bwalo lawo la basiketibolo ladzaza mitolo ya chitowe, golo ili mpaka linzake. Simenti ndi yokhayo ku Ndamera kuno, ndiye amayi a m'mudzi aimikapo mitolo kuti njere zizigwera poyera. Atsikana a timu yawo asewerera pati? Mpikisano wa ku Chikwawa pa 18.

Afunsa kuti walola ndani. Ine kutsuka mbale yotsuka kale. Ndine. Dzulo kumapemphero a mphakati amayiwo anandipempha, ine nkuti amuna anga sangakane. Ndinangofuna andione wabwino. Ambuye, mukudziwa.

Lachitatu, 8 Meyi

Atsikana akusewerera padothi kuseri kwa makalasi. Mpira sukunjanja. Fumbi lokhalokha.

Madzulo jezi ya a Augustino ya kukoleji yatulukanso m'sutikesi. Nkhani yomwe ija: mmene ankadumphira ku Blantyre, mmene bondo linathyokera chaka chomaliza, mmene anasandukira kochi chifukwa kusiyana ndi mpira zinakanika. Ndingathe kuifotokoza ndili m'tulo. Koma lero pali chatsopano. Kochi wawo wakale adzakhala ku Chikwawa kudzaona Imelda, mtsikana wamtali wa Fomu 4. Akamukonda, mwana nkukhoza mayeso, malo kukoleji alipo. "Ali ndi manja amene ine ndinalibe," atero.

Nthawi zina ndimafuna mpirawu utangophulika. Tchimo, ndikudziwa.

Lachinayi, 9 Meyi

Zachitika. M'mawa atenga wilibala okha, osafunsa munthu, nkusamutsa mitolo yonse. Kuigoneka, kuiponya ngati nkhuni. Kuno ndi mwana yemwe amadziwa kuti chitowe chikauma makoko amakhala atayasama, ukachipendeketsa njere zonse pansi. Iwo anakulira m'tauni. Njere mbwee mumchenga, pabwalo mpaka kumpanda.

Chambiri n'cha mai Magdalena, amayi ake a Imelda. Wamasiye. Munda wake wonse wa chaka chino. Sanakalipe. Anangoyang'ana pansi nkuti, "Nkhabe, ayi. Mwana wanga sagwiranso mpira."

Ndaulula kwa amuna anga kuti ndinalola ndine. Akuti ndikananena Lolemba bwenzi atandifunsa kanyamulidwe kake. Zoona? Munthu amene safunsa ndi njira yomwe?

Lachiwiri, 14 Meyi

M'nyumba mawu ndi a mchere ndi madzi osamba basi.

Imelda sanaonekenso kumasewera. Ndinakumana naye pamjigo, anathawitsa maso. A Augustino atumiza chipepeso kudzera mwa ahedi. Yankho la mai Magdalena: ahediwo ndiwo anataya chitowe? A Augustino akuti kupita okha ayi, bwalo ndi la mpira, anamangira mpira. Mutu ngati mwala. Popemphera Korona ndimangowatchula, koma ndi mkwiyo. Kaya pemphero lotero limafika.

Lamulungu ndinakalapa. Bambo mfumu anati kulapa ndalapa, koma njere zikadali mumchenga. Lero ndatenga sefa ndi lichero. Msana ukuwawa. Nyerere zayamba kale kututa.

Lachinayi, 16 Meyi

Ndikupeta, ndangoona mthunzi. A Augustino. Akhala pansi, mwendo woipa uja atautambasula, nkundilanda lichero. Kupeta kwake koseketsa. Amayi odutsa: "Akochi, limenelo si mpira, musaliponye!" Atsikana a timu nawo abwera ndi masefa a kwawo.

Tapulumutsa pang'ono chabe. Aitenga okha ndowayo, kutsimphina mpaka pakhomo pa mai Magdalena, chipewa m'manja. Mai aja apisa dzanja, atafuna njere, alavula mchenga. Ndowa alandira. Za Imelda, ziii.

Bondo latupa ngati papaya. Ndawathowa ndi madzi otentha. Anena "takhuta", zikomo wa Chisena, mawu okhawo a kuno amene amawadziwa. Mawa lokha latsala.

Loweruka, 18 Meyi

Minibasi pamsewu m'mawa, atsikana onse alowa, Imelda palibe. Dalaivala hutala, hutala. A Augustino ati tidikire pang'ono. Ine pampando wanga, Korona m'manja, mikanda sindikuiwerenganso.

Kenako Imelda uyo, nsapato zili m'manja. Kumbuyo kwake mai Magdalena, chitenje cha kutchalitchi, duku latsopano. "Ndikwera nawo. Ndikauone ndi maso anga mpira unandidyera chitowewo."

Malo munalibe. Onse kuyang'ana ine. Ndatsika, ndi diresi langa lomwe ndinasita dzulo. Mai aja pawindo: chitowe chotsala achiyanika pabwalo, ndiwayang'anireko.

Ndiye ndili pano, pansi pa golo, kamthunzi kochepa. Foni ili duu. Kaya ayamba, kaya kochi uja wafika. Ambuye, manja a mwanayo asanjenjemere. Ndipo mundichotsere kaukali aka, chifukwa inenso ndimafuna kukaona...

Mbuzi zalowa.