Katoni ya Mafoni Akufa

9 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo yasiya kutupa, ndipo mankhwala aja mukumwadi, osati kungowasunga pansi pa pilo monga mwa chizolowezi chanu. Ana ali bwino. Ine ndiye ndisakunamizeni, sindili bwino.

Za bomba lomwe linaphulika pa depoti ya mabasi munamva. Madzulo ake mtsogoleri wa dziko analankhula pa wailesi, uku akumenya tebulo. Anati zigawenga azisaka ngati makoswe, ndipo aliyense woona zokayikitsa n'kukhala chete ndi chigawenga nayenso, ngakhale wokayikitsayo akhale m'bale wake wa bere limodzi. Tinawomba m'manja, Amayi. Bambo a ana anawomba kuposa tonse.

Posakhalitsa msewu uliwonse unakhala ndi komiti yake yachitetezo. Achimwene, mwana wanu woyamba uja, amene ntchito iliyonse imawathawa, anawapatsa jekete yonyezimira ndi wezulo. Munthu anasintha ndi kayendedwe komwe.

Mukudziwa mmene mkamwini wanu amagwirira ntchito yake yokonza mafoni. Foni ikakanika sataya, amaponya m'katoni pansi pa tebulo, akuti mawa idzathandiza inzake ndi batire kapena sikirini. Katoniyo inadzaza ndi mafoni akufa, timawaya ndi mabatire otupa. Chikwatiwireni ndakhala ndikulongolola nayo, poti imasunga mphemvu.

Lachiwiri lapitali apolisi analowa m'shopu. Sanafunse kanthu, anangolunjika pansi pa tebulo. Akuti za m'katonimo n'zopangira mabomba. Bambo a ana anawatenga ali ndi foni ya kasitomala m'manja. Mpaka lero sindinawaone, chakudya ndikawapititsira kupolisi amandibwezera pa geti. Mayi wa nyumba yoyandikana, amene timabwerekana mchere, akandiona amalowetsa ana ake m'nyumba.

Wapolisi wina anandimvera chisoni n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, musamaganizire anthu akutali. Amene anatiuza za katoniyi amadya kwanu."

Ndinapita kwa achimwene. Ndinawapeza akuchapa jekete ija.

"Achimwene, ndinu?"

"Iwe, sunamve zimene ananena akuluakulu? Anati osayang'ana nkhope. Makomiti onse anali atapereka mayina, ife tokha tinalibe. Akanati tikubisa anthu."

"Ndiye munapereka la alamu anu? Foni yanu yomwe inagwera m'chidebe ija si ili m'katoni momwemo?"

"Akapezeka osalakwa awatulutsa. Usandiike m'mavuto."

Atatero anandifunsa ngati kunyumba kwatsala ndiwo.

Amayi, bomba lija linandiopsa, koma silinandipweteke chonchi. Wandigulitsa ndi munthu amene bambo a ana anamusunga m'nyumba mwathu atathamangitsidwa pa lendi, osamufunsa tsiku lochoka.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire achimwene, poti amamvera inu nokha. Apite kupolisi akanene zimene akuzidziwa bwino, kuti m'katonimo ndi zotsalira za ntchito basi. Achite msanga, chifukwa akuti onse ogwidwa awasamutsira kundende yakutali komwe salola abale kukazonda. Zoti ndikhululuke musandiuze kaye, sindinafikepo.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi onse amene akukusamalirani kumeneko. Adzukulu anu akuti akusowani kwambiri. Wamng'onoyu dzulo ndinamupeza kuseri kwa nyumba akukwirira kagalimoto kake koyendera batire. Akuti amalume angakaone.

Ndine mwana wanu,
yemwe anali ndi mlongo.